Masabata Awiri Amene Ndinaba

Papita zaka zitatu tsopano, koma mpaka lero ndikadzuka m'mawa wozizira dzanja langa limapita lokha pamsongolo wa mwendo wamanzere, n'kuyamba kufufuza malo aang'ono osaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Ululu unatha kalekale ndipo fupa linapola, moti chimene chala chimapeza ndi kachotupa kolimba kamene munthu wina sangakazindikire n'komwe. Komabe kachotupako kamandikumbutsa masabata awiri amene ndinaba mochenjera kwambiri, osadziwa kuti wobedwayo ndinali ineyo.

Kope la chikuto chobiriwira

Tinalipo anthu asanu ndi anayi m'gulu lathu, ndipo tinkakumana 5 koloko m'mawa kufupi ndi msika wa ku Chilomoni, n'kuthamanga kulowera kuphiri la Michiru. Chaka chimenecho tonse tinkakonzekera mpikisano wa Porters Race wa ku Mulanje, umene umachitika mu Julayi, kuyambira pa Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kudzatsikiranso pa Likhubula pomwepo, mtunda woposa makilomita 20 wa zikweza ndi matsitso okhaokha.

Mphunzitsi wathu anali bambo wachikulire amene anathamangapo mitunda italiitali pa unyamata wake, ndipo tsopano ankatitsatira pambuyo panjinga yakapalasa, wotchi yakale ili lende m'khosi. Aliyense wa ife anamulembera ndondomeko ya masabata 16 m'kope la ana asukulu. Langa linali la chikuto chobiriwira. Sabata yoyamba panalembedwa makilomita 45, yachiwiri 52, yachitatu 58, ndipo pofika yachinayi nambala inatsika mwadzidzidzi kufika pa 35, itazunguliridwa ndi cholembera chofiira. Chimodzimodzinso sabata yachisanu ndi chitatu ndi yakhumi ndi chiwiri.

Pamapeto pa sabata yachitatu ndinali ndi mphamvu zimene sindinakhalepo nazo m'moyo wanga wonse. Chikweza chimene mwezi wapitawo ndinkachimaliza ndikuyenda, manja ali m'chiuno, tsopano ndinkachikwera ndikucheza ndi mnzanga. Choncho Loweruka limenelo ndinawatsatira bambo aja pamene ankakankha njinga yawo, n'kuwauza mwaulemu kuti mwina sabata yopumayo inali yoyenera anzanga ena, chifukwa ine ndinali ndisanatope.

Anaima, n'kundiyang'ana kwa kanthawi. "Ndikudziwa kuti simunatope, achimwene," anatero. "Mukanakhala kuti mwatopa, bwenzi titachedwa kale."

Ndinavomera ndi mutu monga mmene timachitira pamaso pa akuluakulu, koma mumtima ndinali nditagamula kale kuti amenewo anali maganizo a munthu wokalamba amene waiwala mmene magazi aunyamata amayendera.

Msewu wakuseri

Kuba kwake kunali kosavuta. Masiku amene gulu linkakumana ndinkapita, n'kuthamanga nawo pang'onopang'ono ngati munthu womvera. Masiku amene kope linkati ndigone, ndinkadzuka 4 koloko n'kulowera msewu wina wafumbi wakuseri kwa malokeshoni, kumene ndinkadziwa kuti sindingakumane ndi aliyense wa gulu lathu. Pa Strava, pulogalamu ya pa foni yosunga mitunda imene munthu wathamanga, ndinatseka kuti anzanga asaone zimene ndathamanga. Sabata imene inayenera kukhala ya makilomita 35 inatha ndili ndi 60.

Choipa kwambiri n'chakuti palibe chimene chinandichitikira. Sabata yachisanu ndinafika pamwamba pa chikweza ndili woyamba, ndipo ndinatenga zimenezo ngati umboni wakuti ndinali wolondola. Nditafika pa sabata yachisanu ndi chitatu sindinalimbanenso ndi chikumbumtima, ndinangoba ngati munthu wozolowera.

Zizindikiro zinalipo, ndipo lero ndikhoza kuzitchula bwinobwino, koma panthawiyo chilichonse ndinkachipezera chifukwa china. Mtima wanga, umene m'mawa ndisanadzuke unkagunda ka 52 pa mphindi, unayamba kugunda ka 60, ndipo ndinati ndi tiyi wa usiku. Tulo tinayamba kudukaduka, ndinati ndi maganizo a kuntchito. Chimfine chinandikakamira masabata awiri, ndinati ndi chiperoni cha mu Juni, poti aliyense mu Blantyre anali kutsokomola. Ana akangosokosera pang'ono ndinkakalipa, mpaka mayi a kunyumba anandifunsa tsiku lina ngati kuthamanga kumeneku kunali kolimbitsa thupi kapena kowononga mtendere wa pakhomo. Munthu amene wafunitsitsa chinthu amasanduka loya wa chinthucho, ndipo ine ndinali loya waluso, wopambana mlandu uliwonse umene thupi langa linkabweretsa.

Chala chimodzi pamsongolo

Ululu unayamba mu sabata yakhumi, tikutsika matsitso a miyala. Poyamba unkabwera pa kilomita yoyamba n'kuzimiririka thupi likatentha, ndipo ndinaunyoza. Patapita masiku anayi unasiya kuzimiririka. Kenako unayamba kunditsatira mpaka pabedi, kumagunda pang'onopang'ono mumdima ngati dzino lobooka. Mayi a kunyumba ndi amene anatchula mawu amene ndinkawapewa, pamene anandiona ndikutsika pakhonde: "Inu, mukutsimphinatu."

Kuchipatala ndinapeza dokotala wamkazi, wamng'ono kwa ine m'zaka, wosalankhula zambiri. Anandiuza kuti ndikhale pabedi lopimira n'kupinda buluku. Anayika chala chimodzi pansi pa bondo, chakumkati kwa msongolo, n'kuyamba kutsika nacho pang'onopang'ono, akusindikiza pang'ono paliponse, maso ake ali pankhope yanga osati pamwendo. Ndinkayankha kuti palibe, palibe, palibe, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti ndituluka ndi mankhwala opaka basi. Chala chitafika chakumunsi, pamtunda wa zala zinayi kapena zisanu kuchokera pakakolo, ndinadzidzimuka n'kugwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse awiri. Anachotsa chala, anasindikiza pambali pang'ono, sindinamve kanthu, anabwereranso pamalo omwe aja, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga, munthu wamkulu wa ana awiri.

"Taimirirani, bambo," anatero. "Dumphani ndi mwendo wamanjawu." Ndinadumpha kakhumi mosavuta. "Tsopano wamanzere."

Ndinakweza mwendo wamanja, n'kuima ndi wamanzere wokha, ndipo thupi linakana. Sikuti ndinadumpha n'kumva ululu ayi, koma mwendo wokhawo unakana kuchoka pansi, ngati kuti unadziwa chinthu chimene mutu wanga unali usanavomere. Ndinaima choncho m'chipinda chija, mwendo umodzi uli m'malere ngati kakowa, ine amene masiku khumi apitawo ndinkatsogolera anzanga paphiri.

Anakhala pansi n'kutenga cholembera. Anandifunsa mtunda umene ndinkathamanga pa sabata miyezi itatu yapitayo ndi umene ndinkathamanga tsopano, ndipo ndinayankha monyadira ndithu. Kenako anafunsa funso limene limandibwererabe: "Nanga munapuma liti komaliza?" Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule zimene zinali m'kope, chifukwa bodza limenelo ndinali nditalinena kambirimbiri mpaka linkamveka ngati zoona, koma ndinazindikira kuti munthu amene chala chake chapeza kale mng'alu sungamunamize. Ndinawerengera chammbuyo, ndipo yankho linali lakuti kuyambira tsiku loyamba sindinapumepo.

Chithunzi cha X-ray cha tsiku limenelo sichinaonetse kanthu, ndipo ndinayamba kusangalala, koma dokotala uja anandichenjeza kuti mng'alu wamtunduwu nthawi zambiri suoneka m'masabata awiri kapena atatu oyambirira. Nditabwerera patapita masabata atatu, chithunzi chatsopano chinaonetsa kamtambo koyera m'mbali mwa fupa, pamene thupi linali litayamba kumata. Chigamulo chinali masabata asanu ndi atatu osathamanga. Mpikisano unali utatsala masabata asanu pa tsiku limene ndinapita koyamba.

Zimene fupa limachita ife tili m'tulo

Munthu wozolowera kudzuka 4 koloko sasiya kudzuka chifukwa choti wavulala, choncho maola amene ndinkathamanga ndinayamba kuwathera pa foni, kuwerenga zimene ndikanayenera kuwerenga poyamba.

Chinthu choyamba chimene chinandidabwitsa n'chakuti vuto langa linali lakale kwambiri. Dokotala wa asilikali a ku Prussia dzina lake Breithaupt analemba mu 1855 za asilikali amene mapazi awo ankatupa ndi kupweteka atayenda maulendo ataliatali, ndipo patapita zaka, makina a X-ray atabwera, zinadziwika kuti anali mafupa ong'aluka, osati chifukwa cha kugwa kapena kumenyedwa, koma chifukwa cha kuponda kosalekeza.

Fupa ndi chinthu chamoyo chimene chimamangidwanso nthawi zonse. Likayamba kulandira katundu woposa amene linazolowera, pamabwera timing'alu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo thupi limatumiza magulu awiri a maselo kuti akonze. Gulu loyamba limagumula mbali yowonongekayo, lachiwiri limamanga yatsopano yolimba kuposa yakale. Vuto lili pa nthawi: ogumula amamaliza ntchito yawo m'masabata ochepa, pamene omanga amatenga miyezi. Aliyense amene anakonzetsapo khoma la nyumba akudziwa kuti pamakhala masiku amene mmisiri wachotsa njerwa zong'aluka koma zatsopano sanaziyike, ndipo masiku amenewo khomalo limakhala lofooka kuposa mmene linalili asanaligwire. Ine ndinkasenzetsa denga latsopano pakhoma lotero sabata ndi sabata.

Apa m'pamene ndinamvetsa mawu a bambo aja. Mtima, mapapo ndi minofu zimazolowera msanga, m'masabata ochepa chabe, ndipo ndi zimenezi zimene zimatiuza kuti tili ndi mphamvu. Mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimatsalira kumbuyo, ndipo sizilankhula mpaka zinthu zitafika poipa. Mphamvu zimene ndinkazimva pamapeto pa sabata yachitatu zinali zenizeni, koma zinali uthenga wochokera ku mtima wokha, msongolo usanafunsidwe maganizo.

Ganizo lakuti thupi limalimba pa nthawi yopuma, osati pa nthawi yolemetsedwa, nalonso si lachilendo. Hans Selye, amene ankachita kafukufuku pa makoswe ku Montreal, analemba mu 1936 kuti thupi likapanikizidwa limayamba ladzidzimuka, kenako limazolowera n'kulimba, koma kupanikizako kukapitirira osalekeza limafooka kotheratu. M'zaka za m'ma 1960, Lev Matveyev wa ku Soviet Union anafotokoza mwadongosolo kagawidwe ka chaka cha wamasewera m'zigawo zolemera ndi zopepuka, ndipo kope langa lobiriwira linali mdzukulu wa ganizo limenelo, ngakhale kuti linalembedwa pakhonde ku Chilomoni.

Mantha anga aakulu anali akuti ndikachepetsa mtunda kwa sabata imodzi nditaya zonse zimene ndinakhetsera thukuta. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Robert Hickson ndi anzake ku Chicago anayesa zimenezi. Anthu amene anachita masewera olimbitsa thupi masiku asanu ndi limodzi pa sabata kwa masabata 10 anachepetseredwa masikuwo kufika pa anayi, ena pa awiri okha, ndipo patatha masabata 15 mphamvu ya thupi lawo yogwiritsa ntchito mpweya inali isanatsike, chifukwa masiku ochepawo ankalimbikirabe monga kale. Ine ndinkaopa masiku asanu ndi awiri. Ndinkakondanso kuonera Eliud Kipchoge, katswiri wothamanga wa ku Kenya, pa YouTube akumaliza mtunda wa marathoni mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna mu 2019, koma sindinkalabadira kuti munthu yemweyo akamaliza mpikisano amapuma masabata angapo asanabwerere kukampu ya ku Kaptagat. Kupuma kulibe kanema wokoma, n'chifukwa chake sitikuona.

Pa Likhubula

Ndinapitabe ku Mulanje pa tsiku la mpikisano, nditanyamula majekete ndi mabotolo a madzi a anzanga. Kunkazizira, ndipo phiri linali litafunda mtambo mpaka m'chiuno. Ndinaona anyamata a m'midzi yozungulira, ena ovala nsapato zapulasitiki, ena opanda nsapato n'komwe, akulowa m'njira yokwera ngati akupita kumunda, ndipo oyambirira anatsika patangotha maola awiri ndi kanthu. Anzanga asanu ndi atatu onse anamaliza. Mmodzi wa iwo, amene ndinkamusiya kutali pachikweza cha ku Michiru, anafika akuseka, matope ali mpaka m'mawondo, n'kundipempha jekete lake.

Mphunzitsi anabwera kudzakhala pamwala umene ndinakhalapo. Ndinali nditakonza mawu oulula, koma sanandipatse mpata. Anandiuza kuti ankadziwa kuyambira sabata yachinayi, chifukwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa m'msewu wakuseri uja anali wachibale wawo, ndipo anawafunsa kuti bwanji mmodzi wa ana awo akuthamanga yekha usiku ngati wothawa ngongole.

"Ndipo sanalakwitse," anatero bambowo. "Thupi limabwereketsa, achimwene, silikana. Koma limabwereketsa ngati wakatapila. Munatenga masabata awiri, labwera kudzatenga asanu ndi atatu, ndi mpikisano womwe."

Ndinapsa mtima pang'ono, ndipo ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiletsere ngati ankadziwa. Anayankha kuti anandiletsa ndi cholembera chofiira katatu m'kope, ndiponso ndi pakamwa kamodzi, koma sakanabwera kunyumba kwanga kudzandimangirira pabedi. Mpaka lero ndimaona kuti akanatha kundiitanira pambali kachiwiri. Koma ndimadziwanso bwino lomwe yankho limene ndikanawapatsa, chifukwa sabata yachisanu ndinali nditafika pamwamba ndili woyamba.

Kutseka nyanja

Malume anga anali msodzi ku Salima, ndipo ndili mwana ankatisimbira za chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu Makanjira, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 usodzi umatsekedwa chaka ndi chaka mu Disembala n'kudzatsegulidwa mu Epulo. Chimene sindinkachimvetsa ndili mwana n'chakuti satseka chifukwa nsomba zatha. Tsiku lotseka limadziwika pasadakhale, ndipo likafika aliyense amachoka pachilumbapo, ngakhale amene dzulo lake anadzaza bwato. Kukanakhala kuti msodzi aliyense amaloledwa kudziweruza yekha kuti nyanja yatopa liti, palibe amene akanapachika ukonde nsomba zikugwidwa.

Phindu la sabata yopuma yolembedwa pasadakhale lagona pomwepa. Ambiri timanena kuti tidzapuma thupi likatiuza, ndipo mawuwo amamveka anzeru, koma amaiwala kuti amene akumvetsera thupilo ndi munthu yemweyo amene akufunitsitsa mpikisano. Munthu amene amalemba ndondomeko mu Marichi, atakhala pansi, mtima uli m'malo, amaganiza bwino kuposa munthu yemweyo mu Juni, atalawa kukoma kwa kupitirira anzake paphiri. Mzere wofiira uja ndi njira imene munthu wa mu Marichi amatetezera msongolo kwa munthu wa mu Juni.

Sindikunena kuti masabata atatu olemera ndi imodzi yopepuka ndi lamulo lochokera kumwamba. Mnzathu wina wa zaka zoposa 50 amapepukitsa sabata yachitatu iliyonse, ndipo zimamuyendera. Sindikunenanso kuti wopuma savulala, chifukwa nsapato zakutha, kudya mosakwanira ndi mwala woterera sizifunsa za kope. Ndiponso sabata yopuma si yogona chigonere. Mwa ife, mtunda umatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo pang'ono, ulendo wautali wa Loweruka umafupikitsidwa, matsitso a miyala timawasiya, koma tsiku limodzi timathamangabe mwaliwiro kwa mphindi zochepa kuti miyendo isaiwale.

Chimene palibe anandichenjeza n'chakuti sabata imeneyi sikoma. Masiku atatu oyamba miyendo imalemera kuposa pamene ukuthamanga kwambiri, timaululu timene sunkatimva timatulukira m'bondo ndi m'chiuno, njala imakula, ndipo mutu umayamba kukunong'oneza kuti ukunenepa ndipo anzako akukupitirira. Kupepuka kumabwera mochedwa, Lachisanu kapena Loweruka, nthawi zina mpaka Lachiwiri la sabata yotsatira. Amene sadziwa zimenezi amaganiza kuti kupuma kwamudwalitsa, n'kubwerera mumsewu pa tsiku lachitatu, mankhwala asanayambe kugwira ntchito.

Sabata yachinayi ya chaka chino

Chaka chotsatira ndinathamanga mpikisano uja n'kumaliza pakati pa gulu, malo osayenera kuwatchula, miyendo yonse iwiri ili yamoyo. Kope lobiriwira linadzaza, ndipo tsopano ndili ndi lachitatu. Mizere yofiira ndimailemba ndekha tsiku loyamba, ndisanathamange ngakhale kilomita imodzi, ndipo ndimawaonetsa mayi a kunyumba masiku ake, chifukwa ndinaphunzira kuti pa nkhani imeneyi ndimafunika mboni.

Mwezi wathawu, Lachitatu la sabata yopuma, tulo tinandithera msanga monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinaganiza zoyenda wapansi kukagula zitumbuwa za ana kwa mayi aja a m'msewu wakuseri. Kunali kusanache bwino. Ndili pafupi kufika ndinamva mapazi kumbuyo kwanga, opepuka, othamanga mwaluso, ndipo amene anatulukira mu nkhungu anali mnyamata amene analowa m'gulu lathu mu Febuluwale, amene masiku ano amatisiya tonse pachikweza cha ku Michiru. Atandizindikira anaima mwadzidzidzi, n'kuyamba kufotokoza kuti amangowongola miyendo pang'ono.

Ndinamufunsa mmene thupi likumvekera. Anati silinakhalepo bwino chonchi, ndipo sanatope ngakhale pang'ono. Mayi a zitumbuwa anandiyang'ana, n'kupitiriza kutembenuza zitumbuwa zawo m'mafuta osanena kanthu.

Ndinakhala pa benchi yawo, ndinapinda buluku la mwendo wamanzere, n'kumuuza mnyamatayo kuti abwere ndi chala chake.